Funsani Amalume: "Ndinasintha mawu onse koma andipatsabe ziro ati ndakopera"

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa ana a m'makoleji ndipo pafupifupi onse akulira chinthu chimodzi, nkhani ya ma reference, kutchula komwe watenga mfundo zako, ndi kukopera. Ena alemba atapsa mtima, ena zikuoneka kuti alemba usiku tulo titakana. Ndasankhapo angapo, mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Amalume,
Ndili chaka choyamba ndipo asayimenti yanga yoyamba yabwerako ndi ziro, pamwamba alekichala alembapo kuti plagiarism ndikawaone ku ofesi. Koma amalume ine sindinakopere olo pang'ono, ndinawerenga nkhani ziwiri pa intaneti ndi buku limodzi la mu layibulale nde ndimati ndikawerenga chiganizo ndimasintha mawu ake nkuika anga, kumapeto ndinalembanso mndandanda wa zonse zitatu zomwe ndinawerengazo. Ku sekondale timalemba notsi za aphunzitsi mmene ziliri nkumakhoza bwinobwino, apa nde ndalakwa chani? Kapena angondida?
Wosokonezeka, chaka choyamba

Mphwanga, sanakude ayi. Ku ofesiko pita, usazembe, ndipo unyamule zomwe unawerengazo pamodzi ndi notsi zako. Alekichala ambiri akaona kuti mwana wa chaka choyamba sanadziwe amamukhazika pansi nkumuphunzitsa, koma akaona kuti akubisala amayamba kuganiza zina.

Mndandanda wakumapeto uja unachita bwino kuulemba koma paokha sukwanira. Taganiza, munthu akuwerenga ndime yako yachitatu wapeza mfundo yabwino, adziwa bwanji kuti yachokera m'buku lija, kapena pa intaneti paja, kapena m'mutu mwako? Sangadziwe. Ndipo lamulo lake ndi loti chiganizo chilichonse chomwe sunanene mwini wake, wowerenga amachitenga kuti ndi chako. Nde pomwe wabwereka mfundo pomwepo umayenera kuikapo chizindikiro, dzina la wolemba ndi chaka, kapena kanambala malinga ndi sitayilo ya dipatimenti yanu, kenako kumapeto kuja nkomwe munthu akapeze zonse, mutu wa buku, osindikiza, masamba. Zamkati ndi zakumapeto zimayenera kugwirizana, dzina lililonse lomwe lili mkati lipezeke kumapeto, ndipo kumapeto kusapezeke buku lomwe mkati mulibe.

Koma vuto lako lalikulu ndi lomwe ukudzitetezera nalolo, zosintha mawu chiganizo ndi chiganizo. Tiyerekeze buku lalemba kuti "Ana amene amagona maola ochepa usiku amavutika kusunga m'mutu zimene aphunzira masana." Iwe nkulemba kuti "Ana omwe sagona mokwanira usiku amalephera kukumbukira zomwe aphunzira masana." Waona? Mawu atatu anayi asintha koma chiganizocho ndi chomwechija, chayamba ndi ana, chapita ku tulo, chathera ku masana, mafupa ake onse ndi a mwini wake. Njinga yakuba olo uipente mtundu wina siisanduka yako. Olo utaikapo dzina la wolemba kumapeto kwa chiganizo chotere alekichala ambiri akuuzabe kuti wakopera, chifukwa dzinalo likuvomereza kuti mfundo ndi ya wina koma kamangidwe ka chiganizo ukunamizira kuti ndi kako.

Usadzione ngati chitsiru, matendawa ndi a ana a koleji kulikonse. Mayi wina wophunzitsa kalembedwe ku America, Rebecca Moore Howard, anawapatsa dzina loti patchwriting kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo iye amati nthawi zambiri mwana amachita zimenezi osati chifukwa ndi wakuba koma chifukwa nkhaniyo sanaimvetse mpaka pofika poinena yekha. Pambuyo pake iye ndi mnzake Sandra Jamieson anatsogolera kafukufuku wotchedwa Citation Project, anatenga mapepala 174 a ophunzira a m'makoleji 16 a ku America nkumalondola reference iliyonse kubwerera ku gwero lake. Anapeza kuti pafupifupi theka la zomwe anawo anatchula zinachokera pa tsamba loyamba la gwerolo, ndipo zoposa magawo atatu mwa anayi zinachokera m'masamba atatu oyambirira. Kunena kwina ana ambiri samawerenga nkhani, amangosaka chiganizo chooneka bwino chapafupi nkuchizula. Ine apa mpomwe ndimaona kuti pagona nkhani, ma koma ndi mabulaketi amaphunzirika tsiku limodzi koma kuwerenga chinthu mpaka kuchimva nkumene anthu amathawa.

Nde uzichita chonchi. Werenga gawo lonse osati chiganizo chimodzi, tseka bukulo, dzifunse kuti munthuyu akuti chani kwenikweni ndipo zikukhudza bwanji funso lomwe ndapatsidwa, kenako lemba ngati ukufotokozera mnzako wa kosi ina. Mwina zituluka motere, "Tulo ndi gawo la kuphunzira, malinga ndi wolembayu, choncho kuchezera usiku wonse ndi buku kungathe kubweza mwana m'mbuyo," nkuikapo dzina ndi chaka. Ukatero tsegulanso buku uone ngati sunamunamizire munthu zomwe sananene. Ngati mawu ake enieni ndi ofunika kwambiri moti kuwasintha nkuwaononga, atenge mmene aliri, uwatsekere m'ma quotation, timakoma tam'mwamba tija, ndipo uike nambala ya tsamba. Polemba notsi uzichitiratu zimenezi, mawu ogwira aziyamba kale ali m'ma quotation ndi tsamba lake, chifukwa pakatha masabata awiri suzakumbukanso kuti awa ndi anga awa ndi a eni.

Si zonse zofuna reference. Zoti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha mu 1945 aliyense angazipeze paliponse ndipo palibe akutsutsa, lemba basi. Koma manambala a kafukufuku, tebulo, chithunzi, mapu, maganizo a munthu pa chomwe chinayambitsa nkhondoyo, zonsezo zili ndi eni. Ukakaika ikapo, palibe anaitanidwapo ku ofesi chifukwa chochulutsa ma reference. Za ku sekondalezo zisiye konko, kumene kuja amafuna aone ngati wasunga zomwe unauzidwa, kuno funso ndi loti wadziwa bwanji ndipo tikazione kuti.

Amalume,
Tandithandizeni pa nkhani ya Turnitin. Mnzanga anapeza 31 peresenti sanamuchite kanthu, ine ndinapeza 9 peresenti yokha koma andiitana. Chilungamo chili pati pamenepa? Peresenti yabwino ndi iti kwenikweni? Pa gulupu yathu ena akuti pali njira yotsitsira, ukangolowetsa ntchito yako mu pulogalamu yosintha mawu imatsika mpaka 2 kkkk.
Wa chaka chachiwiri

Mphwanga, peresenti imeneyo anthu mwaisandutsa malikisi pomwe si malikisi. Turnitin ndi pulogalamu yomwe inayamba ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ntchito yake ndi kufananitsa mawu ako ndi zomwe zili pa intaneti, m'ma journal, magazini osindikiza kafukufuku, ndi m'maasayimenti a ana ena omwe anaperekedwa kale, nkupaka mtundu pomwe pafanana. Basi. Siidziwa kuti wakuba ndani, eni ake omwe amanena kuti lipoti lawo ndi la kufanana kwa mawu, kuweruza ndi kwa munthu. Nde mnzakoyo mwina 31 yakeyo ndi funso la asayimenti lomwe kalasi yonse inalemba pamwamba, mndandanda wa ma reference, ndi mawu ogwira omwe anawatsekera bwinobwino m'ma quotation. Iwe 9 yakoyo ikhoza kukhala ndime imodzi yathunthu yozulidwa penapake yopanda dzina la mwini. Wolakwa ndani pamenepo? Tsegula lipotilo uone malo opakidwa mtunduwo limodzilimodzi, usamangoyang'ana nambala yapamwamba. Makoleji ena amaika malire awo, funsa a kwanu, koma kukhala pansi pa malire sikutanthauza kuti wayera.

Za pulogalamu yosintha mawuzo, ayi ndithu usayerekeze. Imangochotsa liwu nkuika lofanana nalo osamva tanthauzo, zotuluka zake zimakhala zoseketsa. Mu 2021 katswiri wa kompyuta wa ku France, Guillaume Cabanac, ndi anzake analemba za mawu achilendo omwe ankawapeza m'mapepala osindikizidwa kale, pomwe pamayenera kukhala artificial intelligence panalembedwa counterfeit consciousness, ndipo breast cancer, khansa ya m'mawere, penapake inasanduka bosom peril. Lero mawu otere ndi omwe akuchititsa kuti anthu azigwidwa, pali pulogalamu yomwe imangowasaka. Alekichala amene waphunzitsa kosi yomweyo zaka zambiri akaona mawu otere m'pepala lako safunanso Turnitin. Zina zija zoika ma quotation oyera osaoneka kapena kulowetsa zilembo za alifabeti ina nazo zimaonekera, ndipo zikaonekera sungathenso kunena kuti sindimadziwa, apo nde wachitira dala.

Komanso usamaganize kuti ukadutsa lero zatha. Karl-Theodor zu Guttenberg anali nduna ya zachitetezo ku Germany, anthu wamba pa intaneti anagawana masamba a pepala lake la digiri ya PhD nkumapeza zokopera, yunivesite ya Bayreuth inamulanda digiri ndipo anatula pansi udindo mu March 2011. Chaka chotsatira Pál Schmitt anasiya upulezidenti wa Hungary pa nkhani yomweyo. Annette Schavan, nduna ya zamaphunziro ku Germany komweko, analemba pepala lake mu 1980 kulibe Turnitin kulibe Google, digiri anamulanda mu 2013.

Amalume,
Ndikulemba polojekiti ya chaka chomaliza. Nthawi inandithera nde ndinapempha ChatGPT kuti indipatse ma reference khumi ogwirizana ndi mutu wanga, inandipatsa okongola kwabasi, mayina, zaka, ma journal, chilichonse. Supavayiza wanga wandibwezera ati anayi mwa amenewa kulibe padziko pano. Zingatheke bwanji? Komanso ma reference ena ndinawatenga kumapeto kwa nkhani ina yomwe ndinawerenga, amenewo nde alipodi, palinso vuto?
Wothedwa nzeru, chaka chachinayi

Zimatheka mphwanga, ndipo si iwe woyamba. ChatGPT inatuluka pa 30 November 2022, ndipo mapulogalamu a mtundu umenewu anapangidwa kuti azilosera liwu lomwe likuyenera kutsatira linzake. Inawerenga ma reference ambirimbiri nde imadziwa mmene reference imaonekera, itha kutenga dzina la katswiri weniweni, journal yeniyeni, chaka chomveka, nkupanga mutu wa nkhani yomwe sinalembedwepo. Olo yomwe imasaka pa intaneti nthawi zina imakupatsa nkhani yoona koma nkuiika m'kamwa zomwe sinanene. Mu 2023 maloya awiri ku New York anapereka kukhoti zikalata pa mlandu wa munthu wina ndi kampani ya ndege ya Avianca, m'menemo munali zigamulo 6 za milandu yomwe sinachitikepo, zonse zochokera ku ChatGPT. Woweruza anawalipiritsa madola 5,000, ndipo manyazi ake anafika dziko lonse lapansi. Ngati maloya anagwa nazo, iwe usadabwe.

Kutsimikiza reference sikutenga nthawi. Tenga mutu wa nkhaniyo uuike mu Google Scholar kapena pa Crossref. Nkhani zambiri za m'ma journal masiku ano zili ndi nambala yotchedwa DOI, imayamba ndi 10 ndi kadontho, ukailemba pa doi.org imakufikitsa pa nkhani yeniyeniyo. Ikakana, kapena ikakufikitsa pa nkhani ina yosiyana mutu, chotsa. Supavayiza wako umuuze zoona zake za komwe unawatenga, kupeka reference makoleji ambiri amakuwerengera ngati kupeka zotsatira za kafukufuku, nde kuonjezerapo bodza lina nkudzikumbira. Ufunsenso malamulo a kwanu pa nkhani ya AI, mapulogalamu ngati ChatGPT, chifukwa amasiyana, kwina amalola bola unene kuti unaigwiritsa ntchito pati, kwina amakaniratu.

Tsono funso lako lachiwiri ndi lomwe landisangalatsa, chifukwa ambiri salifunsa nkomwe. Inde vuto lilipo. Ukatchula nkhani ukuuza wowerenga kuti ndinaiwerenga ndipo ikunenadi zimenezi. Ngati unangoikopera kumapeto kwa nkhani ya wina ndiye kuti ukuchitira umboni chinthu chomwe sunachione. Tamva izi. Mu 1980 Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston analembera kalata journal yotchuka ya zachipatala, New England Journal of Medicine. Kalata ya ndime imodzi, ziganizo zisanu zokha. Ankati mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala omwe analandirako mankhwala amphamvu opha ululu a mtundu wa opioid, 4 okha ndi omwe zolembedwa zinaonetsa kuti anafika posatha kukhala opanda mankhwalawo. Mawu ofunika apa ndi oti ogonekedwa m'chipatala, anthu omwe amapatsidwa mankhwala ndi anamwino, moyang'aniridwa. Kalatayo sinanene kanthu za munthu womwa mankhwalawo kunyumba miyezi ndi miyezi.

Koma anthu anayamba kuitchula ngati umboni woti mankhwalawa sazoloweretsa, wina kutengera kwa wina, ena mpaka kumaitcha kafukufuku wamkulu pomwe ndi kandime kamodzi. Mu 2017 akatswiri a ku Canada anawerenga nkhani zonse zomwe zinatchula kalatayo, anapeza 608. Pafupifupi 72 peresenti zinaitchula ngati umboni woti kuzolowera mankhwalawa nkosowa, ndipo pafupifupi 81 peresenti sizinanene nkomwe kuti odwalawo anali ogonekedwa. Nthawi yonseyo madokotala ku America ankalembera anthu mankhwalawa mochuluka ndipo anthu miyandamiyanda anafa nawo. Kalatayo sinali yabodza, reference yake sinali yopeka, dzina, chaka, tsamba 123, zonse zinali zolondola. Kungoti oitchulawo sanaiwerenge, kapena anaiwerenga nkusiya dala mbali yomwe siinkawakomera. Journal ija inachita kuikapo chenjezo pamwamba pa kalatayo.

Nde saka nkhani zoyambirirazo uziwerenge wekha, layibulale ya koleji yako ikhoza kukupezera zomwe zili zolipira. Ikasowadi pali njira yake yachilungamo, umatchula onse awiri, kuti uje monga wanenera ujeni, mu sitayilo yolembera ma reference yotchedwa APA amalemba as cited in, ndipo kumapeto umaika yomwe unawerengadiyo yokha. Koma zisachuluke, polojekiti yodzaza ndi as cited in imadziulula yokha.

Amalume,
Alekichala athu akuti tisayerekeze kutchula Wikipedia. Chonsecho zomwe zili pa Wikipedia nzomwe zili m'mabuku. Nde gwero labwino nliti? Ine ndimaona ngati chilichonse cha PDF nchovomerezeka.
Wa unamwino, chaka choyamba

PDF ndi mtundu wa fayilo chabe mphwanga, iwenso utha kulemba zilizonse lero nkusevera ngati PDF. Wikipedia inayamba mu 2001 ndipo aliyense atha kusintha zambiri zomwe zili pamenepo, zomwe wawerenga lero mawa zitha kukhala zina, komanso sudziwa analemba ndani. Eni ake omwe amanena kuti isatengedwe ngati gwero lomaliza. Koma ine sindili m'gulu la oti usamaitsegule. Itsegule, umvetse mutu wako mwachidule, udziwe mayina ndi mawu ofunika, kenako tsikira pansi pomwe pali ma reference ake nkulondola amenewo. Chotchula ndi chomwe wakachipeza kumeneko nkuchiwerenga.

Pa gwero lililonse uzifunsa, walemba ndani ndipo amadziwa chani pa nkhaniyi, wasindikiza ndani, liti, ndipo akupindulapo chani ndikakhulupirira. Tsamba la kampani yogulitsa mankhwala lingakhale lokongola koma likugulitsa. Chaka nacho chimatengera kosi, wa mbiri yakale atha kutchula buku la 1960 osavuta, iwe wa unamwino malangizo a kaperekedwe ka mankhwala amasintha nde uzisaka atsopano. Nkhani za m'ma journal zimalemekezedwa chifukwa zisanasindikizidwe zimaunikidwa kaye ndi akatswiri ena, chomwe amati peer review.

Komatu si journal iliyonse. Pali ena ongofuna ndalama za olemba, amasindikiza chilichonse bola walipira. Mu 2013 mtolankhani wa zasayansi John Bohannon anapeka dala pepala lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu nkulitumiza ku ma journal 304, ndipo 157 analivomera. Ukakaika journal, funsa a ku layibulale, ntchito yawo ndi imeneyo ndipo ana ambiri amangowadutsa. Ma journal aulere utha kuwayang'ananso pa DOAJ, tsamba losunga mndandanda wa ma journal aulere owunikidwa.

Chinanso, poti uli ku zaumoyo, nkhani itha kutuluka mu journal yapamwamba kenako nkuchotsedwa. Pepala la Andrew Wakefield lomwe linayambitsa mphekesera yoti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amakhudzana ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism linatuluka mu The Lancet mu 1998, linali la ana 12 okha, ndipo journal inalichotsa mu 2010, chaka chomwecho mwini wake analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain. Pepalalo likupezekabe pa intaneti, pena lili ndi chidindo choti RETRACTED pena kope yakale yopanda chidindo. Nchifukwa chake ndi bwino kutsegula tsamba la journal lenilenilo osati kudalira fayilo yomwe mnzako waponya pa gulupu. Tsamba la Retraction Watch, lomwe linayamba mu 2010, limasunga mndandanda wa nkhani zochotsedwa.

Amalume,
Ine ndine mayi wa ana atatu, ndabwerera kusukulu patapita zaka zambiri. Zomwe zikundizunguza mutu ndi ma sitayilowa. Kosi ina akuti APA, ina akuti Harvard, mwana wanga wa udokotala akuti iwo amangoika manambala. Yolondola ndi iti?
Mayi wa makalasi a madzulo

Mayi, zonsezo nzolondola, yolakwika ndi yosakaniza. APA ndi ya bungwe la American Psychological Association, inayamba mu 1929 ndipo buku lake lomwe likugwira ntchito pano ndi la nambala 7 lomwe linatuluka mu 2019. Imafuna dzina ndi chaka mkati mwa nkhani, mwachitsanzo (Porter & Jick, 1980), ndipo mukagwira mawu enieni mumaonjezera tsamba. Olemba akakhala atatu kapena kuposa mumangolemba woyamba nkuika et al., kutanthauza ndi anzake. Mawu ogwira akafika 40 mumawapatula pa ndime yawoyawo yolowa mkati, opanda ma quotation. Harvard nayo ndi ya dzina ndi chaka, kungoti ilibe buku limodzi la malamulo, koleji iliyonse ili ndi kakonzedwe kake, nde musatengere za pa intaneti, pemphani kabuku ka ku dipatimenti kwanu. Ya mwana wanuyo mwina ndi Vancouver, inachokera ku msonkhano wa akonzi a ma journal a zachipatala mumzinda wa Vancouver mu 1978, gwero loyamba kutchulidwa limakhala 1, lachiwiri 2, choncho. A zilankhulo ndi zolembalemba ambiri amatsata MLA yomwe imafuna dzina ndi tsamba, a mbiri amakonda Chicago ya timanotsi tam'munsi mwa tsamba.

Musavutike kuloweza. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Zotero, mumasungamo chilichonse chomwe mwawerenga ndipo imakukonzerani mndandanda mu sitayilo yomwe mwasankha, Mendeley nayo imachita zomwezo. Koma muziyang'anabe ndi maso anu, mukalowetsa dzina molakwika nayo imatulutsa molakwika momwemo. Ndipo mtima ukhale m'malo mayi, comma yosochera imangodyetsa malikisi amodzi awiri, siitengera munthu ku disipulini.

Amalume,
Mafunso awiri fasiti. Ndikubwereza kosi nde funso la asayimenti likufanana ndi la chaka chatha, ndingaperekenso yomweyo? Ndi yanga yomwe sinanga. Chachiwiri, mnzanga wapamtima wandipempha fayilo yanga ya kosi ina ati angoona kalembedwe. Kumukana ndikuchita manyazi.
Wobwereza

Yoyambayo funsa alekichala usanapereke. Makoleji ambiri salola kuti ntchito imodzi ilandire malikisi kawiri, amati self-plagiarism, ndipo ngati ya chaka chathayo inalowa mu Turnitin ituluka yofanana ndi iwe mwini pafupifupi yonse. Ena amalola kuti umangirepo bola unene poyera kuti gawo ili linachokera mu ntchito yanga yakale. Komanso tanena zoona mphwanga, kosiyo ukuibwereza, ukutsimikiza kuti asayimenti imeneyo ndi yoti nkuidaliranso?

Mnzakoyo usamutumizire fayilo. Mwina iye akunenadi zoona kuti angoona, koma ikafika 2 koloko usiku mawa lake ndi tsiku lopereka, fayilo yako ili pa laputopu pake, sazangoona. Mapepala awiri akafanana komiti siivutika nkufufuza kuti anayamba ndani, malamulo a makoleji ambiri amalanga wokopera ndi wokoperetsa yemwe, ndipo pena fayilo imadutsa kwa mnzako kupita kwa mnzake wa iye yemwe iwe sukumudziwa nkomwe. Ena amafika powidedwa pa nkhani ngati zomwezi. Ngati akufunadi kalembedwe khala naye pansi theka la ola, muwerenge funso limodzi, umuonetse komwe unapeza mabuku ndi mmene unayalira ndime zako, laputopu ikhale m'manja mwako. Akakwiya nazo umuuze kuti amalume akaniza.